Raelynn sapitanso kusukulu mpaka mphunzitsi wake abwerere

Aphungu,

Pa 9 Seputembala mwana wanga Raelynn anabwera ndi kalata m'chikwama. Inkati ndalama za thandizo zimene sukulu za m'boma lathu zinkalipirira Mayi Caudill zatha, ndiye sabweranso. Mayi Caudill ndi amene ankakhala naye kawiri pa sabata kumuphunzitsa kuyankhula, chifukwa mwanayu ali ndi chibwibwi chachikulu. Ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Chaka chatha atatchula dzina lake lonse osaima, ine ndinakalirira m'galimoto.

Ntchito yanga ndi yomata matayala, sukulu ndinalekezera panjira. Za m'mapepala sindizidziwa, koma magetsi atsopano a pabwalo la mpira la sukuluyo ndimawaona tsiku lililonse. Ndapita kwa ahedi katatu, kuwagwira pakhonde ana akukwera basi. Ndinati, "Za magetsi zilipo, koma za pakamwa pa mwana wanga zatha?" Iwo akuti, "Bambo a Raelynn, limenelo ndi thumba lina. Tiona." Katatu konse, tiona yemweyo.

Lachisanu ana a m'basi ankamuyerekeza, amvekere, "Re-re-re, injini yakana kulira!" Kuyambira pamenepo Raelynn akungoloza ndi chala, ngakhale akafuna mkaka. Ndiye ndamuletsa sukulu, lero ndi tsiku lachinayi. Mkazi wanga Shawna akuti, "Inu, mukukhaulitsa ahedi kapena mwana?" Mlamu wanga akuti ndilembe kalata, koma zolemba zanga zili ngati papalasa nkhuku, akandiseka kuofesiko.

Mwanayu sindimubweza kusukulu mpaka Mayi Caudill abwerere. Musandinyengerere, aphungu. Ingondiuzani chitseko choti ndikamenye.

D.T., Tarpley Gap

A D.T.,

Mkwiyo wanuwo musautaye, tiufuna. Kungoti mwaulozetsa kolakwika. Ahedi akudya bwinobwino, amene wataya masiku anayi ndi Raelynn. Mawa abwerere kusukulu. Mukamuperekeze nokha pokwerera basi, ndipo dalaivala mukamuuze zimene ana aja akuchita.

Za thumba lina ahedi sananame. Ndalama yopemphedwa kuti igule magetsi singalipire mphunzitsi. Chimene sanakuuzeni n'chakuti mwana akayezedwa n'kupezeka kuti akufunika thandizo la kayankhulidwe, sukulu imayenera kulipereka, kaya ndalama zija zatha kaya zilipo. Koma kuyezako kumayamba ndi pempho lolembedwa. Mawu a pakhonde amapita ndi utsi wa basi. Inu mukuti mwapita katatu, m'mafailo mwawo simunafikeko n'kamodzi komwe.

Tengani pepala. Lembani tsiku, dzina la mwana, ndi mawu oti mukupempha kuti ayezedwe kayankhulidwe. Mizere itatu yakwana. Mupite kuofesi ya ahedi ndi mapepala awiri ofanana, lina alandire, lina adinde n'kukubwezerani, mulisunge ngati layisensi. Za kapalasidwe ka nkhuku zisiyeni, kalata yanuyi ndaiwerenga yonse osaphonya liwu.

Kenako funani makolo a ana ena amene Mayi Caudill ankawaphunzitsa. Komiti yoyang'anira sukulu za m'boma ikamakumana, mupite pamodzi, mulembetse maina msanga. Amapatsa munthu mphindi zitatu zokha zoyankhula. Funso lanu la magetsi mukalifunse pamenepo, pamaso pa anthu amene mumawavotera, ndipo musachoke asananene tsiku lomwe adzakuyankheni.

Mwina abwera mphunzitsi wina, osati Mayi Caudill. Mulandireni. Chimene mukumenyera ndi lilime la mwana.

Koma chenjerani. Masiku ojomba akachuluka, kalata yotsatira sidzachokera kwa ahedi, idzachokera kukhoti. Pamenepo palibe adzafunse za chibwibwi cha Raelynn, onse adzafunsa za bambo wotsekera mwana pakhomo. Musawapatse mpeni umenewo ndi dzanja lanu.

Phungu