Ba Mwila aphunzitsa pulogalamu yanga kudula

Lachinayi, ku Mtendere. Lero mtima wakhala pansi.

Pulogalamu yanga ya Python, yosunga masiteshoni a minibasi kuchoka kuno mpaka m'tauni, imakana ndikaipempha chigawo chokha cha ulendo. Mawa ndikaionetsa kwa aphunzitsi, ndipo ikakana pamenepo ndibwereza kosi.

Ba Mwila, anzanga a pakosi, anafika masana mwana ali kumbuyo, nawerenga pulogalamuyo ali chiimire.

"Ivi ni vosavuta," anatero. "Kalasi yanu ya ulendo, ija mbali ya pulogalamu yosunga masiteshoni, simunaiphunzitse kudula. Mu __getitem__, muja moyankhira zopempha, lembani kuti ikalandira slice, pempho la chigawo, ibweze ulendo winanso, osati maina chabe."

Sanakhudze kompyuta, anandisiya ndilembe ndekha. Nditayesa, kachigawoko kanatuluka bwinobwino.

Mutu wa mayi amenewa ndimausirira. Kaya amawerenga nthawi yanji, pamene ine wopanda mwana...