Ndinati Muli Bho

Gulu: ife atatu (Ine, Mzime, Mlamu)

LACHIWIRI

Mlamu 08:12
[chithunzi]
onani alamu, lero timanja ta mwana tatupa tonse tiwiri. dzulo kanali kamanzere kokha

Mlamu 08:12
ndi timapazi tomwe. ndikamukhudza akulira ngati ndamutsina

Mzime 08:15
amayi akuti ndi mano. ati inenso ndinkavuta chonchi pa miyezi 8

Ine 08:16
mano satupitsa manja iwe. thupi latentha?

Mlamu 08:17
38.9

Ine 08:17
mlamu pitani naye kuchipatala pompano, osadikira Mzime aweruke. akanena za malungo vomerani, km muumirire ayezenso sickle cell

Mzime 08:21
ayambatu a pulofesa kkkk. inu achemwali munthu akangoyetsemula basi sickle cell. kadona wanga si thesis yanu

Ine 08:22
Mzime chonde

Mlamu 08:26
ndatseka saluni, tikunyamuka

Ine 08:40
[uthenga wafufutidwa]

Mzime 08:44
mwafufuta chani?

Ine 08:51
palibe, ndinalakwitsa gulu

Mlamu 13:05
atigoneka. ward ya ana, bedi la pawindo. amuika drip, magazi atenga, zotsatira mawa

Mlamu 13:07
anesi afunsa ngati ine ndi bambo ake tinayezetsapo. ndawauza kt alamu anga ndi ofufuza matenda omwewa, anatiyeza okha tisanakwatirane, anati tili bho. ndinalankhula monyada mpaka kkk

Mlamu 13:30
alamu?

Ine 14:48
ndinali mu labu. ndibwera ndikamaliza

Ine 17:35
pepani meeting yatalika. mawa

LACHITATU

Mlamu 10:02
[chithunzi]
palembedwa SS, ati ndiyo sickle cell ija

Mlamu 10:04
[uthenga wa mawu, 0:38]
"Alamu, adokotala afotokoza koma mutu wanga unangoima. Ati ndi matenda a moyo wonse, atinso magazi ake alowa tizilombo, n'chifukwa chake thupi likutentha. Ndifotokozereni inu pang'onopang'ono, ngati mukuuza mwana. Ndiye andiyezanso ine, ati ndili AS. Ndawauza kuti sizingatheke."

Ine 10:19
AS simatenda mlamu, simudzadwala. mwangonyamula theka chabe. mwana amakhala SS akalandira theka kwa mayi, theka kwa bambo

Ine 10:20
mankhwala alipo, ana ambiri akukula nawo, akupita kusukulu. musataye mtima

Mlamu 10:21
km inu munati ndili bho

Mlamu 10:21
kapena kachipangizo kanu koyezera magazi kaja kanaphonya?

Ine 10:45
tikambirana ndikabwera

Mlamu 12:10
Mzime anesi akuti ubwere nawenso uyezetse. ndi mphindi 10 zokha

Mzime 12:33
ndili pansi pa galimoto ya munthu. komanso ine achemwali anandiyeza kale

Mlamu 12:34
ngati anaphonya kwa ine akhoza kuphonyanso kwa iwe

Mzime 12:36
zaka zonsezi akuwerenga magazi angaphonye kawiri? eti achemwali

Mlamu 15:02
alamu amayi abwera ndi phala. afunsa anesi mafunso ambirimbiri, kenako nkumangondiyang'ana. phalalo abwerera nalo

Mlamu 15:40
mukubwera?

Ine 16:55
mawa mmawa ndithu

LACHINAYI

Mlamu 07:48
[uthenga wa mawu, 1:05]
"Alamu, ndili m'bafa, sindikufuna kadona andione ndikulira. Amayi afika m'mamawa. Aima pakati pa ward, ati anesi anawauza kuti matendawa amachokera kwa bambo ndi mayi, ndiye popeza mwana wawo anayezedwa ndi mchemwali wake wophunzira ndipo alibe, ine ndinene bambo wa mwanayu. Anditchula dzina lonyansa lija, alamu, pamaso pa azimayi a mabedi onse. Ati tikatuluka ndisapondenso kunyumba, katundu wanga akanditumizira. Mzime anali pompo. Amangoyang'ana nsapato zake."

Ine 07:55
Mzime uli kuti

Ine 07:56
Mzime yankha foni

Mzime 08:30
sindikufuna kulankhula, ndiyankheni pompano pagulu iyenso aone

Mzime 08:31
funso limodzi. ngati ine ndili AA, wopanda ndi theka lomwe, mwana wa SS angakhale wanga? eya kapena ayi

Mlamu 08:32
ukufunsa zoona iwe? ine?

Mzime 08:32
ndikufunsa science

Mzime 08:50
achemwali mwawerenga, ndikuona

Mzime 09:15
chete wanuyu ndi yankho?

Ine 09:31
[uthenga wa mawu, 2:47]
"Mzime, mlamu, mvetserani mpaka kumapeto, kenako mundinene zomwe mufune. Mzime, suli AA. Uli AS, ngati mkazi wako. Kadona ndi wako. Ndakhala ndikudziwa za magazi anu kwa zaka ziwiri. Mukukumbukira tsiku lija pa tebulo la kunyumba kwanga, sabata zitatu ukwati usanachitike? Ndinkasowa anthu awiri athanzi kuti akwane makumi anayi oyesera kachipangizo kanga, ndipo nthawi inali itandithera. Malamulo a kafukufuku wathu salola kutenga achibale, ndiye ndinakulembani ngati anthu ongobwera, C39 ndi C40. Nonse munatuluka AS. Ndinabwereza katatu. Wotuluka AS timamutumiza kwa mlangizi, koma mlangizi akanaona dzina la bambo athu pa fomu, komiti ikanataya ntchito yanga ya zaka zinayi. Ndiye mutandifunsa ndinati muli bho. Ndinadziuza kuti ndidzanena ukwati ukatha. Utatha ndinati pepala la kafukufuku wanga lisindikizidwe kaye. Kenako mimba. Ndinati ana atatu mwa anayi amabadwa opanda matenda, ndiwasokonezeranji. Kadona atabadwa wonenepa uja ndinaganiza kuti Mulungu wandibisira mlandu. Palibe kachipangizo kanaphonya. Ndinanama ndi ine."

Ine 09:36
[chithunzi]
tsamba la m'buku langa la mu labu. mizere iwiri yomaliza

Ine 09:58
nenani kanthu chonde

Mzime 10:20
munavina pa ukwati wathu

Mzime 10:20
munalankhula pa mic kt mwapeza mng'ono wanu

Ine 10:21
eya

Mzime 10:22
lero mmawa ndayang'ana makutu a mwana wanga kufuna kuona ngati akufanana ndi anga. mwana ali pa drip. mukumva zomwe mwandichititsa?

Ine 10:23
ndikumva. ndilibe chodzitetezera

Mzime 10:24
[kuimba kwa Mzime kwa Mlamu sikunayankhidwe]

Mzime 10:25
mayi a kadona yankha plz

Mzime 10:31
ndikubwera, ndasiya ntchito

Mlamu 11:40
alamu ndili ndi mafunso. musatumizenso voice, mawu anu sindikufuna kuwamva pano

Ine 11:40
funsani

Mlamu 11:41
komiti yanuyo ikanamva bwj mukanangotiuza kukhitchini? ife atatu basi

Ine 11:44
ndinaopa kt ukwati utha chifukwa cha ine

Ine 11:46
ayi. zimenezo ndi zomwe ndimadziuza. zoona ndi zakuti Mzime pakamwa pake mumapadziwa, akanauza amayi, amayi akanauza mpingo wonse, zikanafika kuntchito. ndinadziteteza ndekha

Mlamu 11:50
adokotala ati tikanadziwa akanamuyeza atangobadwa, akanayamba penicillin ali ndi miyezi iwiri. ati tizilomboti mwina sitikanamufika chonchi. ndi zoona?

Ine 11:58
zoona

Mlamu 11:59
inu mumadziwa zimenezo

Ine 11:59
chapter 3 ya thesis yanga ndi ya zimenezo

Mlamu 12:03
mwezi watha munabwera ku saluni ndinakulukani maola anayi, kadona akulira kumbuyo kwanga osatonthola. ndinati mwana uyu ndi wovuta ngati bambo ake. munaseka

Ine 12:04
ndinamuyang'ana m'maso tsiku lija, ndinaona kt ayera, magazi achepa. ndinafika kunyumba ndinasanza

Mlamu 12:05
musandiuze za kusanza kwanu

Ine 12:05
pepani

Mzime 12:48
ndayezetsa. AS. ndaonetsa amayi pepala, ati anesi agwirizana ndi mkazi wanga. ati iwo amva kwa mwana wawo wophunzira basi

Mzime 12:49
mkazi wanga wandipatsa nsana. ndakhala pansi pafupi ndi bedi

Ine 12:52
ndalembera a supervisor, ndawauza zonse za C39 ndi C40. komiti ikumana Lolemba. pepala mwina alichotsa

Mzime 12:53
ndiye tikulilireni?

Ine 12:53
ayi. ndimangofuna mudziwe

Ine 12:55
ndikudziwa dokotala wabwino wa clinic ya sickle cell, ndamuimbira, amuona akangotuluka. pali mankhwala ena oti ayambe mwezi wamawa

Mlamu 13:20
nambala yake tumizani. zimenezo ndilandira chifukwa ndi za mwana

Ine 13:20
[nambala yatumizidwa]

Mlamu 13:26
mukudziwa alamu, tikanakwatiranabe. ine mlongo wanuyu ndi uchitsiru wake wonse ndinkamufuna. tikanalira sabata imodzi, kenako tikanafunsa zochita. simunatipatse mpata

Ine 13:27
ndibwere?

Mlamu 13:41
bwerani. amayi ali pa benchi ya pakhomo la ward

Mlamu 13:42
musawauzire panja. muwalowetse, muime nawo pomwe anaima mmawa, pakati pa bedi 4 ndi 5. azimayi omwe anamva dzina lija amvenso inu

Ine 13:42
chabwino

Ine 14:25
ndafika pageti

Ine 14:31
ndawaona amayi. andimwetulira, akuti bola wabwera mwana wanga udzawauze anthuwa zoona

Mzime 14:32
lowani

Ine 14:58
ndanena zonse. amayi akhala pansi pa simenti. mlamu ndili kuseri kwa katani, ndingalowe ndimuone kadona?

Mlamu 15:06
ndakumvani, zkm

Mlamu 15:07
wagona. muoneni pompo pa mpata wa katani. lero simumunyamula