Mchere wa m'ndiwo za bambo a Simoni

Makhanga, Nsanje
14 Febuluwale, 1979

Okondedwa achimwene Elisha,

Pepani kwambiri kuti ndikukuvutitsani ndi kalata, chonsecho ndikudziwa kuti ntchito yakuchulukirani ku Limbeko. Ndinayamba kulemba Lamulungu, koma mapepala awiri ndinang'amba. Muli bwanji inu, alamu a Rosa ndi ana? Ine m'thupi ndili bwino. Simoni chimfine chinamusiya. Madzi a Ruo alowa m'madimba, koma sitima ikudutsabe.

Bambo a Simoni sali bwino. Chichokereni kwanuko mu Novembala awonda kwambiri. Akatsokomola akutuluka magazi, ndipo kuchoka pakhonde kufika pamtengo wa masau amaima kawiri kuti apume.

Mukukumbuka zimene adokotala ananena, popeza ndinu munkatimasulira Chingerezi. Anati ndi khansa ya m'mapapo, inayamba kalekale, yafalikira, ndipo palibe munthu amene anawachititsa. Anawafunsanso chimene akufuna kuchita ndi masiku otsalawo, iwo n'kuyankha kuti akufuna kubwerera kwawo. Ine ndinkayesa kuti akufuna kukhala pafupi ndi ine ndi mwana.

Kuno nkhani yatembenuka. Apongozi akuuza anthu kuti matendawa ndi mdulo, ndipo amene wadula mwana wawo ndine.

Achimwene, zotsatirazi si zoti mlongo n'kuuza mlongo wake, koma ndilibe wina. Mwezi wathawu, ndili kumwezi, ndinathira mchere m'ndiwo zawo. Mwambo ndimaudziwa, malemu amayi anandilangiza kuti masiku otero mchere amathira mwana kapena mkazi wina. Koma tsikulo onse anali kudimba kopulumutsa chimanga kumadzi, Simoni anapita nawo, ndipo odwalawo anali atapempha mlamba patatha masiku anayi osadya. Ndinaopa kuti njala ija iwathera. Apongozi anatulukira mchere uli m'manja mwanga.

Kulakwa kwanga ndi kumeneko, kamodzi kokha, matenda atafika kale pamene afikapa. Koma apongozi akuti mkazi wosaopa mchere saopanso amuna a eni. Mulungu akudziwa kuti ndilibe mwamuna wina.

Ndinakatenga pepala la kuchipatala lija, lolembedwa za khansayo, m'Baibulo momwe ndinalisunga, kuti akuluakulu aliwerenge. Bambo a Simoni anati ndiwapatse alione kaye. Analing'amba bwinobwino panayi, n'kupichira chingambwe m'chidutswa chimodzi, n'kundituma moto. Ndinakapala khala, ndinawapatsa. Anasuta ine ndikuona, uku akutsokomola. Pofika madzulo zidutswa zonse zinali zitatha.

Mawa lake ndinagwada n'kuwafunsa chimene ndinawalakwira. Anayankha mofatsa kuti palibe, ndipo akudziwa kuti mcherewo sunawachite kanthu. Anati funso la adokotala lija analiganizira m'sitima njira yonse, ndipo chimene akufuna ndi chimodzi: Simoni akulire pakhomo pa bambo awo, alime dimba lawo, atchedwe dzina lawo. Anandikumbutsa kuti iwo ndi Asena koma sanandilowole, ndiye ankhoswe anapangana kuti mwana atsate mwambo wathu wa Amang'anja, akhale wa kwa mayi. Anati akafa ndi khansa, ine ndidzanyamula mwanayo kupita naye ku Chikwawa, akaitane mwamuna wina kuti baba. Koma akafa ndi mdulo, ndidzachoka ndekha.

Anati ine ndikadali mtsikana, ndidzabereka ena, pamene iwo wawo ndi yekhayu. Anatinso mpweya wawatsalira wochepa, sangauthere pondimvera chisoni. Atatero anandiuza kuti ndiwasisite kumsana chifukwa kumawawa, ndipo ndinawasisita.

Tsopano kuphika anandiletsa. Ntchito yanga ndi kuchapa nsanza za magazi ndi kukataya mbale yolavulira. Simoni akugona kwa apongozi. Dzulo ndinamupatsa mbatata yootcha, iye anabisa manja kumbuyo n'kunena kuti agogo ati za m'manja mwanga zimapha. Bambo ake anali pamphasa pomwepo, anamva, ndipo anamuitana n'kumuyamikira kuti ndi mwana womvera.

Akuluakulu a mbali yawo adzakumana Loweruka pa 24. Amene akufulumizitsa ndi odwala omwewo, akuti akufuna adzayankhule okha mawu asanawathere. Ankhoswe athu, amalume Ignasio, anditumizira uthenga woti nkhani ya mchere ndi yamanyazi, sangaiimire. Inu mukundidziwa, pagulu mawu amandithawa. Ndipo ngakhale nditayankhula, ndani angakhulupirire ine n'kusiya munthu amene akufa?

Amene tinamva mawu a adokotala tinali atatu. Odwalawo akana, wina ndine. Chonde achimwene, kwerani sitima ya Lachisanu mudzanene zimene munamva ndi makutu anu. Ngati kuntchito akukanizani, kapempheni pepala lina kuchipatala, kapena lembani nokha mawuwo, musayine dzina lanu. Sindikufuna kuwachititsa manyazi bambo a Simoni, ndimawapemphererabe kuti ululu uwachepere. Koma zimenezi ziyenera kumveka iwo ali moyo. Akamwalira asanatsutsidwe, mawu awo adzakhala a malemu, ndipo palibe adzawasinthe. Mwana wanga adzakula akudziwa kuti mayi ake anapha bambo ake.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse. Ambuye akusungeni pantchito panu. Yankho musatumize kunyumba kuno, makalata amayamba kufikira kwa apongozi. Lemberani kwa aphunzitsi a Anastazia a pasukulu yathu, iwo adzandipatsa pachitsime. Chonde yankhani msanga, ngakhale mzere umodzi wokha, ndidziwe ngati Loweruka lija ndidzakhale ndekha.

Ndine mlongo wanu,
Otilia