Nkhuku yameza kaparafuzo ka mfuti

Amake Berta,

Musadabwe kupeza nkhuku zanu zitatu zili zotsekeredwa mophikira. Pepani, wolakwa ndine.

M'mawa ndimapukuta mfuti yathu yoopsezera anyani kumunda, poti mawa apolisi adzaiona asanandipatse lisensa yatsopano. Chitsulo chokokera kumbuyo chija chinagwira dzimbiri n'kukana kutuluka. Ndinathira mafuta anu ophikira, osatheka. Nditagogoda ndi munsi chinatuluka, koma kaparafuzo kakang'ono, kasikuluwu kotha kale mano, kanadumphira pabwalo. Nkhuku zinathamangirako, imodzi n'kumeza. Sindinaone kuti ndi iti, zonse zikungondiyang'ana ngati zosalakwa.

Ndapita ku Nsadzo kwa a Nikodemo okonza njinga, mwina ali ndi kofanana. Zipolopolo ndakhomera m'bokosi, kiyi ndatenga. Za munsi wanu tikambirana ndikabwera, wang'aluka pang'ono pokha.

Chonde nkhukuzo muzipatse madeya ambiri, ndipo zitosi musasese musanafufuze ndi kamtengo. Dzuwa likapendeka kaparafuzoko kasanatuluke, iphani yamawanga ija, ndiyo ndikuikayikira. Achimwene anu amene akubwera lero adzaona ngati tawalemekeza. Koma nthutumba musawapatse ngakhale ndi alendo, ingawathyole dzino. Mundisungire, ndiyambe ndaing'amba ine.

Ndine mwamuna wanu,
Silasi