Makutu a ana a Mudzaona

Tyrrelstown, Dublin
14 Julayi

Wokondedwa mwana wanga Overstone,

Ndiyambe ndi kufunsa moyo. Muli bwanji kumudziko, iwe, make Sandra ndi ana? Chifuwa cha amayi ako chija chinatha, kapena akubisa monga mwa chizolowezi chawo? Kuno tili bwino, Mulungu akutisunga. Bondo langa lija likundipatsako mpata.

Akulemba kalatayi ndi mlongo wako Evelyn, koma mawu ndi anga, ndipo mzere uliwonse akundiwerengera ndisanauvomereze. Aijambula pa foni n'kukutumizira. Ndakana kutumiza mawu olankhula chifukwa ndikukudziwa, umakawatsegulira pagolosale ya Spencer anthu onse n'kumamva. Iyi uwerenge uli wekha.

Kuno akuti ndi chilimwe. Anthu akuyenda ndi makabudula, akudandaula kutentha, ine ndili m'jekete. Mlamu wako Rex ananditengera ku Blanchardstown kukaona masitolo. Ndi aakulu ndithu, koma chimene ndinasilira ndi mipando yopumirapo.

Pakhomo pano pali galu. Anali wa gogo wina wachizungu amene Evelyn ankamusamalira kuntchito. Gogoyo atamwalira, abale ake anapempha Evelyn kuti atenge galuyo, ndipo tsopano mwini wake ndi mdzukulu wanga Tisungane, uja unamuona komaliza ali khanda, pano ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Dzina la galuyo ndi Bisiketi. Ndi kagalu kakafupi, konenepa, maso ali tong'o, ndipo mphuno kalibe. Nkhope ndi yaphwatalala ngati kanagunda chipupa kakuthamanga. Mkonono kamaliza kali maso.

Tsiku lofika ndinakazungulira kawiri, n'kuuza Rex kuti amene anadula mphunoyo ndi mmisiri weniweni, poti chipsera sichikuoneka. Rex anaseka mpaka kugwira khoma. Anandifotokozera kuti palibe anadula, kamabadwa choncho. Akuti anthu amasankha dala agalu amphuno zazifupi n'kumawakweretsa okhaokha, mbadwo ndi mbadwo, chifukwa ogula amakonda nkhope yonga ya mwana wakhanda.

Iwe ukudziwa kuti za agalu palibe angandiphunzitse ku Mitundu konse. Ndinaona kuti vuto la kagaluka ndi ulesi basi, kugona pa sofa ndi kudya za m'chitini. Lachiwiri lapitalo masana, dzuwa litatuluka, ndinakamanga chingwe kuti ndikakayendetse monga ayendera galu. Ndinaponda mwamphamvu ngati tikupita kuuzimba ku Dzalanyama. Tisanafike n'komwe pokwerera basi pachiwiri, kanagwa chammbali. Lilime linada, kupuma kuli ngati pampu ya njinga yoboola.

Ndinavula jekete, ndinakafunyiza, ndinathamanga. Bondo ndinaliiwala. Tangoganiza, Overstone, bambo ako a zaka 74 akuthamanga mumsewu wa eni ake atafukata galu ngati mwana wodwala malungo. Mwayi wake Evelyn anali pakhomo. Tinakwera galimoto kupita kwa dokotala wa ziweto, Tisungane akulira kumbuyo.

Dokotalayo ndi mayi wachitsikana. Anakagoneka patebulo, kukapaka madzi ozizira, n'kukaika mpweya wa m'botolo pakamwa. Ine ndi ukalamba wangawu sindinaikidwepo zotere. Kanatsitsimuka. Kenaka dokotala anayamba kufotokoza, Evelyn akumasulira. Anatisonyeza mphuno, timabowo take ngati ta singano. Anati agalu otere amavutika kupuma moyo wawo wonse, kukatentha amakomoka, ndipo aakazi ambiri sabereka popanda opaleshoni chifukwa ana amakhala ndi mitu yaikulu. Anatinso kuli mayiko ena kuno ku Ulaya amene anaika lamulo loletsa kuswetsa agalu amphuno zazifupi chonchi, ndipo iye akulakalaka lamulo lotere litafika paliponse.

Apa ndinavomereza mokweza. Ndinati lamulolo lachedwa, ndipo munthu wolemaza galu pofuna maonekedwe ayenera kumangidwa. Pofuna kuti dokotala aone galu weniweni, ndinatulutsa foni n'kumusonyeza chithunzi cha Mudzaona wathu ataima pakhola la mbuzi. Dokotala anakulitsa chithunzicho ndi zala. Anayang'anitsitsa, n'kufunsa kumene kunapita makutu.

Ndinayankha mosabisa, chifuwa chili patsogolo. Ndinati ndinadula ndine ndi lezala, mchira ndi mpeni pachitsa, pabala n'kuthirapo phulusa, ndipo ntchitoyi ndaigwira zaka makumi anayi, anthu amabwera ndi tiagalu tawo kuchokera midzi yakutali. Evelyn anandiponda phazi, n'kuuza dokotala kuti bambo akuti sakudziwa. Koma tinaiwala Tisungane. Mwanayu ndikamulankhula amayankha m'Chingerezi, ndiye ine ndimayesa Chichewa chimangomudutsa. Ayi ndithu, amamva chilichonse. Anamasulira zonse mmene ndinanenera, ndi phulusa lomwe sanasiye.

Dokotala sanakalipe. Anangoti kuno kudula galu makutu ndi mlandu pamalamulo, n'kundifunsa chifukwa chimene timadulira. Ndinati kuti galu akhale wolusa, komanso kuti minga isamung'ambe kuuzimba. Anafunsa kuti kuuzimbako ndinapita liti komaliza. Ndinayamba kuwerenga zala, zinandithera. Za kulusazo sindinapitirize, poti iwe ndi ine tikudziwa kuti pamene akuba anatitengera mbuzi chaka chatha Mudzaona anawaperekeza mpaka pamsewu akugwedeza kachitsa kake ka mchira.

Ndiye ndinanena choona. Ndinati galu wodula makutu amaoneka bwino, ndipo galu wa kwa Kachingwe amadziwikira patali. Dokotala anamwetulira, n'kunena kuti amene anaswetsa Bisiketi amayankhanso chimodzimodzi. Ndinabweza foni m'thumba. Paja anyani sasekana zikundu.

Masiku atatu ndinakhala ndikusuzumira pawindo kudikira apolisi. Evelyn akuti ndisadandaule, zimene ndinachitira ku Malawi sangandimangire kuno. Akuseka pamene akulemba izi, koma alembe.

Mlandu weniweni uli m'nyumba muno. Tisungane ndiye ankandikonzera tiyi ndi kundiphunzitsa mabatani a wailesi ya kanema. Kuyambira tsiku limenelo anasiya kukhala pafupi nane. Ndikalowa pabalaza amanyamula Bisiketi, manja onse awiri ataphimba makutu a galuyo. Lezala yanga yometera inasowa kubafa, ndipo palibe akuidziwa. Ndevu zamera, kutchalitchi Lamulungu ena anandiyesa mneneri.

Dzulo anabwera n'kuima pakhomo la chipinda changa. Anandifunsa m'Chichewa, koyamba chibwerereni, Chichewa chopunduka koma chomveka. Anafunsa ngati tiagaluto timalira podulidwa. Ndinafuna kukana. Koma iwe ndi amene unkandigwirira miyendo, ukudziwa mmene timalirira ndi mmene make amazungulira nyumba. Ndinamuuza kuti timalira. Anali atamva kwa amayi ake kuti Mudzaona waswa ana asanu ndi mmodzi, ndipo anafunsa ngati nawonso adulidwa. Ndinamulonjeza kuti ayi. Anangonena kuti akufuna kuona yekha.

Tsono pempho langa ndi ili. Pochoka ndinakuuza kuti tiana tikangotsegula maso uitane Tarsizio, amene ndinamuphunzitsa ntchitoyi, adzadule. Mawu amenewo ndawabweza. Asakhudze khutu ngakhale limodzi, mchiranso ayi. Utijambule tonse, kamodzikamodzi, makutu akuoneka bwino, ndipo uzitero Loweruka lililonse mpaka ndibwere. Usayerekeze kubwereka tiagalu ta kwa Spencer. Mwanayu mtundu wa Mudzaona anauona, ndipo amawerenga.

Anthu akafunsa, usakanene kuti bambo alapa kapena kuti aphunzitsidwa ndi mdzukulu. Uziti bambo akuyesa njira yatsopano ya ku Ulaya, adzafotokoza okha akabwera. Ngati kalatayi yachedwa ndipo Tarsizio wadula kale, usandibise. Ndidzamuuza ndekha mwanayu, ngakhale sindikudziwa kuti ndidzayambira pati. Koma ngati sanadule, usayambe wandiyankha, yamba wathamangira kwa Tarsizio lero lomwe. Munthu uja akamva kuti kuli ntchito sadikira kuitanidwa.

Moni kwa amayi ako, uwauze kuti mankhwala ndikumwa. Moni kwa make Sandra ndi adzukulu anga onse, kwa azakhali ako, kwa amalume ako a Macdonald ndi apongozi ako. Evelyn ndi Rex akupereka moni. Tisungane akuti moni wake apereka akaona zithunzi. Tarsizio umupatse moni wanga ndi manja awiri, koma lezala usamupatse.

Tsala bwino mwana wanga, Ambuye akusungeni nonse.

Ndine bambo ako,
Fredson Kachingwe