Raundabauti ya Agogo Inali Chitsime

Aphungu,

Ndikulemba manja ali matuza okhaokha, koma mtima wakhala pansi koyamba m'miyezi itatu. Ndine mayi wa ana awiri, ndipo tikukhala m'nyumba yomwe anamanga malemu apongozi anga aamuna. Ndimasamala apongozi aakazi, amene ukalamba wawalanda kukumbukira. Dzina langa analiiwala kalekale, amangonditcha "mtsikana wa sopo." Zofunda zawo ndimachapa tsiku ndi tsiku, chifukwa chake mukuchidziwa.

Mipopi ya kwathu kuno inauma. Ukatsegula imangopuma ngati munthu wa mphumu. Ndinkatunga madzi kutali, ndowa zisanu ndi imodzi m'mawa uliwonse, mpaka msana unayamba kukana. Mlamu wanga, mchemwali wa amuna anga, anati, "Ngati madzi akuvutani, amayi abwere kwa ine." Sananene moipa ayi. Koma apongozi akachoka pakhomo pano sadya, amangokhala pachitseko kufunsa njira yobwerera kwawo. Ndinkaopa kuti akapita, sitidzawaonanso ali moyo.

Amuna anga anakumbukira kuti ali mwana pakhomo pano panali chitsime, koma malo ake sankawadziwa. Tinaitana mmisiri wina amene anthu amamutcha Ndaonapo, poti palibe chomwe amavomera kuti ndi chachilendo kwa iye. Dzenje loyamba anatulutsa mabotolo osweka ndi mphika wobooka. Lachiwiri anadula mizu ya mtengo wa magwafa. Lachitatu anandiphera tomato yense, kenako ananyamula piki wake n'kuti, "Mayi, chitsimechi chinasamuka."

Loweruka lapitali ndikuyanika zovala, ndinaona apongozi akuchokera kukhitchini kupita pamthunzi pomwe amakhala. Njirayo ndi yowongoka, koma iwo akafika pakati amakhota, kuzungulira malo opanda kanthu, uku akunong'ona kuti, "Gwirani mwana." Akhala akutero zaka khumi ndi chimodzi zomwe ndakhala pano. Ana anga amapatcha raundabauti ya agogo, ndipo ine ndemwe ndinkaseka kuposa onse. Tsiku limenelo sindinaseke. Ndinatenga chitsulo n'kuzika pamalopo, ndinangomva kuti gu! Titapalasa dothi tinapeza chivindikiro cha simenti. Amuna anga ndi aneba atatu anachisuntha, ine n'kuponyamo mwala. Aphungu, nditamva kuti chubwi, ndinakhala pansi pomwepo n'kulira ngati mwana.

Vuto langa ndi ili. Apongozi ataona dzenje lili yasa, anakuwa mawu omwe sindinawamvepo chikhalire. Anathamanga n'kugwira amuna anga lamba, bambo wadazi wa zaka makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri, akuti, "Mwana wanga! Gwirani mwana!" Mayi wina wokalamba wosoka zovala, amene wakhala mumsewu wathu kuyambira kale, ndiye anatiuza kuti amuna anga anagweramo ali ndi zaka zitatu. Apongozi anawatulutsa okha ndi chingwe cha ndowa, ndipo sabata yomweyo chitsimecho chinatsekedwa.

Tsopano amuna anga akuti, "Tikwirire basi, sindifuna amayi azilira pakhomo pawo pomwe." Komatu iwo omwewo anali atamwako kale kapu yathunthu, akuti ndi okoma kuposa a kumpopi. Chimbudzi chakale cha panja chili mapazi khumi ndi asanu kuchokera pachitsimepo. Pakadali pano tabwezerapo chivindikiro. Ndikwirire madzi omwe angawasunge apongozi pakhomo pawo, kapena nditsegule chinthu chomwe chikuwaliza?

E.N.K., nyumba ya kumapeto kwa msewu

Mayi E.N.K.,

Poyamba pumani, mwagwira ntchito. Mmisiri ndi piki wake analephera, inu mwapambana poyang'ana mapazi a nkhalamba yomwe aliyense ankaiseka. Madzi saiwala khwawa, ndipo apongozi anu, ngakhale aiwala dzina lanu, sanaiwale pomwe anatsala pang'ono kutaya mwana.

Musakwirire. Amuna anu akunena mwa chikondi, koma asokoneza zinthu ziwiri. Apongozi sakuopa madzi, akuopa dzenje. Kwa zaka zonsezi chitsimecho chinali chokwiriridwa, koma iwo ankachizungulirabe. Mukathiranso dothi mantha awo satha, chomwe chithe ndi msana wanu, kenako adzapita kwa mlamu wanu komwe simukufunako.

Chitani izi. Pezani wodziwadi ntchito ya zitsime, osati Ndaonapo, aone ngati makoma a mkati ali olimba. Munthu asalowemo chisawawa. Chitsime chomwe chakhala chotseka nthawi yaitali chimasunga mpweya woipa womwe umakomola munthu asanakuwe n'komwe. Chiyambe chapitidwa mphepo, ndipo wolowamo akhale womangidwa chingwe, anzake ali pamwamba. Madzi akalewo akapidwe onse, matope achotsedwe, muthiremo klorini. Kukamwa kwa chitsime kumangidwe kufika m'chiuno, pansi pozungulira pakhale simenti yotsetsereka kuti madzi a mvula asabwereremo. Pamwamba paikidwe chivindikiro chachitsulo chokhala ndi loko. Mukatha kupeza pampu ndiye bwino kwambiri, chifukwa simudzafunikanso kutsegula. Ntchito yonseyi ichitike apongozi ali m'nyumba, wina akucheza nawo.

Za kumwa, ndikuuzani mosapsatira. Mapazi khumi ndi asanu kuchokera ku chimbudzi ndi pafupi kwambiri, ngakhale chimbudzicho chikhale chakale. Madzi kuoneka oyera sikuti ndi abwino, ndipo lilime la amuna anu si makina oyezera. Tengani madziwo m'botolo loyera mukawapatse a zaumoyo ayeze. Asanakuyankheni, chapirani, kolopani, thirirani tomato watsopano, koma pakamwa pa munthu asafikepo, makamaka pa apongozi ndi ana. Bamboyo akayamba kutsegula m'mimba, asadikire mawa kupita kuchipatala.

Ntchito ikatha, amuna anu awagwire amayi awo dzanja, awafikitse pachitsimepo. Akhome loko amayiwo akuona, aigwedeze kuti amve kuti yagwira, ndipo awauze kuti, "Amayi, ndili pano, mwatseka bwino." Mwina mawa adzaiwala, ndiye mudzabwerezanso, osatopa. Kiyi wanu wotungira mumubise pomwe ana sangafike, ndipo ndikuchenjezeni, tsiku limodzi lokha loiwala kukhoma ndi lokwana kubweretsa maliro. Koma loko amabwera ndi makiyi awiri. Winayo mumumangirire pakachingwe, muwaveke apongozi m'khosi. Akhala akulondera chitsime chimenecho zaka zoposa makumi anayi opanda kanthu m'manja, tsopano apatseni kiyi.

Aphungu