Zithunzi Zimene Sindinakutumizireni

Utale, Balaka
14 Juni

Okondedwa achimwene a Wyson,

Landirani moni wochokera kuno kumudzi. Muli bwanji ku Kepitauniko, inu ndi alamu ndi ana? Chifuwa chija cha Tasha chinatha? Ife tadzuka, kungoti chisanu chayamba msanga ndipo azakhali a Cathy miyendo ikuwavutabe.

Mudabwa kuti ndalemba kalata pomwe foni ndili nayo. Foniyo masiku ano siikhala m'manja mwa ine ndekha, n'chifukwa chake envulopuyi ndapatsira a Trust oyendetsa basi aja. Muli zithunzi zitatu. Muyambe mwawerenga kaye.

Paja mutanditumizira foni zaka zitatu zapitazo munandipempha chinthu chimodzi, kuti nyengo ikasintha ndiziima pachulu cha kuseri kwa nyumba ya malemu amayi n'kujambula choyang'ana kumtsinje, ana anu azidziwa kwawo. Ntchitoyi ndinaikonda. Ndinaphunzira ndekha kuti dzuwa la masana limayeretsa zinthu zonse, ndiye ndinkapita m'mamawa mame asanaume. Dzinja, chimanga chili biriwiri, msangu wa pakati pa munda uli mbee wopanda tsamba. M'chisanu mitengo ya tsanya ya kumanda inkafiira mpaka munandifunsa ngati ndapaka utoto. Chilimwe fumbi lokhalokha, msangu uja ndiye n'kubiriwira wokha.

Achimwene, kuyambira chilimwe chathachi ndakhala ndikukunamizani. Chithunzi cha Okutobala ndinakhotetsa foni dala kuti kumanda kusaoneke. Cha dzinja chija munachiyamikira kwambiri ndi cha chaka chadzana. Ndinangochitumizanso.

Nkhalango ya tsanya ija kulibenso.

Inayamba kutha m'mphepete, mtengo umodziumodzi. Nditafunsa bambo a kunyumba kuno, a Godfrey, anati ndi anthu a ku Nkaya amene amabwera kudzaba. Ndinakhulupirira, ndipo inu ndinakubisirani poopa kukudandaulitsani muli kutali.

Mwezi wa Epulo ndinakwera pachulu kuti ndijambule mapesi titakolola. Ndinaona utsi ukufuka pakati pa manda. Ndinajambula, n'kukokera chithunzicho pafupi ndi zala, ndipo ndinaona munthu atagwira fosholo. Jekete anavalalo ndi lija munatumizira mlamu wanu pa Khirisimasi.

Ndinatsika n'kupita komweko. Uvuni wa makala anauumba mapazi asanu okha kuchokera pamene agona amayi. Dothi lokwirira uvuniwo analikumba m'mbali mwa mtumbira wa agogo, moti mbali imodzi inagumuka. Pa simenti ya manda a amayi panali poto wamwaye, minga ya nsomba ndi timabotolo ta kachasu. Kuseri kwa mtanda ndiye anzawo owotcha nawo makala anasandutsako chimbudzi, ntchentche zili ng'waa.

A Godfrey sanachite ngakhale manyazi. Anatsamira fosholo n'kunena kuti, “Akufa safuna mthunzi, Eliza. Nanga nyama wakhala ukudyayi umayesa ikuchokera kuti?”

Mawu amenewo sakundichoka. Miyezi yonseyi ndinkakazinga nyama ndikuimba, n'kumapatsako azakhali, osadziwa kuti ndikudya mitengo ya pamutu pa amayi. Kuyambira tsiku limenelo nyama sindinaiikenso pakamwa.

Madzulo ake ndinapita kwa amalume a Bizwick, poti ndiwo akulu otsala. Anandimvetsera akusenda chinangwa, kenako anati ndisakweze mawu, nkhani za m'banja sizifuna phokoso, komanso mitengo imaphukanso. Potuluka ndinadzera kuseri kwa khitchini yawo. Panali matumba awiri a makala atafunditsidwa mapesi. Sindinawatsanzike n'komwe.

M'mawa mwake ndinajambulanso zonse, n'kukwera njinga ya kabaza kupita ku Balaka kukatsukitsa zithunzizo. Ndinachita bwino, chifukwa nditabwerako a Godfrey anatenga foni n'kufufuta chilichonse, ndi zithunzi zakale zomwe. Anati ndikufuna kuwamangitsa. Tsopano uthenga uliwonse wochokera kwa inu amayamba ndi iwo kuwerenga.

Ine ndinasamukira m'nyumba ya amayi. Sindingathe kudya nawo mbale imodzi. Ndisanasamuke, ndikaona akusamba m'manja, madzi a m'beseni ali bii, ndinkatuluka panja. Azimayi a kutchalitchi abwera kawiri kudzandiuza kuti ndipirire. Ndinawatengera kumanda kuti akaone okha, ndipo mmodzi anatseka mphuno ndi chitenje, koma pobwerera anatinso ndipirire. Iyayi, ine ayi.

Ndinakolopa simenti ija ndi sopo, ndinakwirira zonyansa zija, mtumbira wa agogo ndinaukonza ndi khasu. Koma yatsala mitengo itatu yokha, ndipo waukulu uja wa kumutu kwa amayi auika kale chizindikiro cha nkhwangwa. Akungodikira kuti makala a mu uvuni uwu athe.

Munati mubwera mu Ogasiti ndi ana kudzaika mwala wa dzina la amayi. Chonde musadikire Ogasiti. Inu ndinu nkhoswe yanga, ndipo a Godfrey ndi mkamwini pamudzi pano, mawu anu sangawapondereze ngati mmene achitira ndi anga. Ngati tchuthi sakupatsani, imbani pa nambala ya azakhali a Cathy, osati yanga, mulankhule ndi a Godfrey pamaso pa anthu.

Za bodza langa ndikhululukireni. Ndinkayesa ndikukusungirani mtima, koma miyezi imene ndinakhala chete ndi imene anamalizira nkhalango.

Mwezi uno ukatha ndisanamve mawu anu, ndimanga zovala za a Godfrey m'chitenje n'kukaziika pamsewu ndekha, ndipo ndikakhala tsonga patsinde pa mtengo waukulu uja. Akafuna kuudula ayambire ine.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa Kevin ndi Tasha. Chithunzi chachitatucho, cha kuseri kwa mtanda, ana asachione. Mulungu akusungeni pantchito ndi m'misewu ya kumeneko.

Ndine mlongo wanu,
Eliza